Za buluku lija, ndifotokoze ndekha

Amene muli ndi kavidiyo ka buluku langa likung'ambika pa ukwati wa Loweruka lija m'magulupu mwanu ndakuonani, ndipo Mulungu akuoneni. Koma musanandisandutse sitika imvani kaye mbali yanga.

Suti ija ndinasoketsa chaka chatha nthawi yomwe ndinali munthu. Ndinali nditatsika kuchoka pa makilo 104 kufika pa 91, miyezi isanu yathunthu ndikuthamanga 5 koloko m'mawa agalu a ku Chilomoni akundiperekeza, nsima ya mgaiwa mtanda umodzi, tiyi wopanda shuga, ndikamadutsa pa chiwaya ndimayang'ana kumbali ngati ndili nawo ngongole. Telala anandiuza kuti bwana tisiyeko kampata, ine ndinakana kwamtuwagalu, ndinati achimwene kunenepa ine ndinatsanzikana nako, sokani yothina.

Vuto kwathu kuno munthu sungaonde mwamtendere. Amayi atandiona anangondikokera kuseri nkuti mwanawe ukudwala chani, usabise. Azakhali anayamba kunditumizira mavesi m'bandakucha. Mlamu wanu mpaka anafunsidwa ngati amaphika pakhomo. Ndiye ndinayamba kudyako pang'ono pongofuna kuyeretsa dzina la banja basi. Komanso thupi palokha ndi mfiti, likaona mafuta akutha limayesa yabweranso njala ya 1949 imene agogo ankakamba ija, limayamba kuumira mphamvu zomwe limawotcha, njala nkumangokula, kachitumbuwa kamodzi limakasunga ngati m'nkhokwe. Zimenezi si ine, ndi sayansi.

Ndiye pa perekaniperekani MC waitana anzake a mkwati, ine ndasinthitsa kale ma K100 kwa kashiya, ndikuvina ndikuponya, mimba nditaikokera mkati kuyambira ku tchalitchi. Mwadzidzidzi ndangoona K5,000 yanga ya thiransipoti ikuuluka limodzi ndi anzake. Anthuni, K5,000! Ndinawerama.

DJ naye anasankha nthawi yomweyo kusintha nyimbo. Holo yonse zii. Kenako ng'aaaa. Osatinso kung'ambika kwa kamodzi ayi, buluku linayamba pang'onopang'ono ngati likuodira, linapumirako kaye pakati, kenako nkupitiriza ulendo kuchokera pa lamba kumbuyoku mpaka kutsogolo, ulusi uliwonse ukutsanzika paokhapaokha. Kamphepo ka fani kanalowa malo oti sikanaitanidwe. Ine ndili chiweramire, dzanja pa ndalama, ndikuganiza kuti mwina ndikapanda kudzuka anthuwa atopa nkumapita kwawo. Kamwana kena nkukuwa kuti amalume avala kabudula wamaluwa! Sanali maluwa aja, anali mananazi, muone bwino vidiyoyo.

Mayi ena a kuchikazi, Mulungu awadalitse, anamasula chitenje chawo chapamwamba nkundimanga nacho. MC, munthu wopanda chisoni uja, nkulengeza kuti amene mwasangalala ndi abwanawa ponyani kenakake. Anthu anaponya kuposa pa keke, ndipo mkwatiyo mpaka lero sanandithokoze.

K5,000 ija kashiya anaitola, akuti ndalama ikagwa pansi ndi ya banja latsopano. Ndinabwerera pa kabaza wangongole ndili mu chitenje, mpunga wanga ndi nkhuku zili m'manja, nanga ndikanasiyira ndani? Lolemba ndiyambiranso kuthamanga. Kapena Lachiwiri, Lolemba kuntchito wina akubweretsa keke.