Mmene anapimira chiwindi changa, kuchokera ku Salima mpaka ku labu ya ku Central

Mu Januwale 2021, mwezi umene Covid-19 inatenga nduna ziwiri za boma tsiku limodzi, ine ndinali gone pachipatala cha boma ku Salima, ndikupumira mpweya wa m'silinda. Ntchito yanga ndi yogula ndi kuyanika usipa ku Senga Bay, ndipo kufikira nthawi imeneyo kuchipatala ndinkangopitako poperekeza ana. Mapapo anachira. Koma tsiku lotuluka adokotala anagwira kabuku kanga kakuchipatala kwa kanthawi, kenako anati: "Bambo, chifuwa chatha, koma magazi akuonetsa kuti chiwindi sichili bwino. Mubwerenso, tione ngati ndi matenda omwewa kapena vuto linayamba kale."

Kudikirako kuli ndi chifukwa chake. Munthu akadwala kwambiri matenda a m'mapapo, manambala a chiwindi otchedwa ALT ndi AST amakwera ngakhale chiwindicho chinali chabwinobwino: mpweya umachepa m'magazi, thupi lonse limatentha polimbana ndi kachilombo, kuphatikizanso panado ndi mankhwala ena amene wodwala amamwa. Akachira manambalawo amatsika okha. Anga sanatsike.

Choyamba anandibaya pachala, monga amachitira poyeza HIV, kufuna kachilombo ka hepatitis B. Mizere inatuluka iwiri, kutanthauza kuti kachilomboko ndili nako. Anandiyezanso HIV, ndipo mbali imeneyo kunalibe kanthu. Musakane kuyezetsa ziwirizi pamodzi, chifukwa mankhwala a hepatitis B amagwiranso ntchito pa HIV, ndipo munthu amene ali ndi HIV osadziwa akamamwa mankhwala amodzi okhawo, kachilomboko kamazolowera n'kusiya kumva mankhwala. Anandiuzanso kuti kuyeza kamodzi sikokwanira. Kachilomboka kakapezekabe pakatha miyezi 6, ndiye kuti kakhazikika.

Povuta panali kunyumba. Mayi a ana anangofunsa funso limodzi, motsitsa mawu: "Abambo, matendawa mwakawatenga kuti?" Ndinawatenga kupita nawo kwa anamwino kuti akamve okha. Anamwinowo anafotokoza kuti n'zoona kachilomboka kamafala pogonana ndi kudzera m'magazi, koma ambiri amene ali nako kokhazikika kuno kwathu anakatenga ali makanda kapena ali ana aang'ono, kwa mayi awo kapena kwa anzawo osewera nawo. Wamkulu akakatenga, nthawi zambiri thupi limakachotsa lokha. Mwa khanda ndimo kamakhazikika moyo wonse. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana m'Malawi muno mu 2002, uja amabaya mwana akakwana masabata 6, 10 ndi 14. Ife obadwa kale tinasemphana naye. Akazi anga ndi ana anayezedwa, onse anapezeka alibe.

Kenako inabwera nkhani ya masamu. Pali kawerengedwe kotchedwa APRI, komwe amatenga nambala ya AST n'kuiyerekeza ndi kuchuluka kwa maplatelet, tizidutswa ta m'magazi timene timathandiza kuti bala lisiye kutuluka magazi. Chiwindi chikamauma ndi zipsera, AST imakwera, maplatelet amatsika, ndiye yankho limatuluka lalikulu. Ubwino wake ndi wakuti sipafunika makina odula, labu ya pachipatala cha boma imakwanitsa. Yankho langa linali lalikulu moti pepala lokha likanati chiwindi chatha. Koma adokotala anapukusa mutu. Anati kwa anthu a m'mbali mwa nyanja masamu amenewa amatha kunama, popeza kapamba akatupa ndi likodzo kapena malungo obwerezabwereza amasunga maplatelet ambiri, chiwindi chisanafike poipa choncho.

Ku sikani amafuna mupite musanadye. Amapaka mafuta ozizira pamimba, n'kumayendetsa kachipangizo pansi pa nthiti uku akukuuzani kuti mukoke mpweya. Wojambulayo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa: "Achimwene, mumalowa m'nyanja?" Ndinaseka. Munthu wobadwira ku Senga Bay kumufunsa zimenezo! Anandionetsa kapamba wamkulu kuposa msinkhu wake, ndi mizere yoyera yokhuthala yozungulira mitsempha ya m'chiwindi.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti likodzo lili pawiri. Limene tonse timalidziwa ndi lokodza magazi, lija anyamata ankaliyesa chizindikiro cha kukula. Linalo ndi la m'matumbo, nyongolotsi yake imatchedwa Schistosoma mansoni, ndipo imafalitsidwa ndi mtundu wina wa nkhono zophwatalala za m'madzi. Nyongolotsizi zimakhala m'mitsempha ya m'matumbo, mazira ake ena amakokoloka ndi magazi n'kukatsakamira m'chiwindi. Thupi limazinga dzira lililonse, ndipo zaka zikamapita pamatsala zipsera. Mkodzo umakhala woyera bwinobwino, choncho munthu sakayikira kanthu. Anandipatsa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel atandiyeza pasikelo, popeza mlingo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Imwani mutadya nsima yokwanira, mankhwalawa amazunguza mutu.

Zikanathera pomwepo, koma sikaniyo inaonetsanso kadontho kena m'chiwindi kosadziwika bwino. Kwa munthu wa hepatitis B kadontho sikanyozedwa, chifukwa kachilomboka ndi gwero lalikulu la khansa ya chiwindi. Anandilembera kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital.

Kuchoka pa Kamuzu Road kukafika ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14. Tengani kalata, kabuku, mapepala onse a zotsatira ngakhale akale, chofunda, ndi gadiyani woti sangatope msanga. Ku Central anandijambulanso, nagwirizana zotenga kachidutswa ka chiwindi kuti kakaonedwe pa maikulosikopu. Sachita zimenezi kwa aliyense. Amayamba ayeza ngati magazi akuundana bwino komanso ngati maplatelet akukwana, ndipo amafunsa za asipirini, brufen ndi mankhwala azitsamba. Nenani zoona pamenepo, chifukwa chiwindi ndi chiwalo chodzadza magazi ndipo choopsa chachikulu pantchitoyi ndi kutaya magazi mkati.

Pali pepala lachilolezo loti musayine. Amayi anga atamva anakana kwamtuwagalu. "Mwanawe, nyama ya munthu akufuna akatani nayo?" Sindinawaseke, poti mphekesera za anamapopa za mu 2017 zinali zisanachoke m'mitu ya anthu. Ndinapempha adokotala kuti andiuze kumene kachidutswako kadzapite, ndipo anandilozera nyumba ya labu pomwepo pachipatala. Muli ndi ufulu wofunsa, komanso wokana.

Ntchito yeniyeniyo ndi yaifupi kuposa mantha ake. Ndinagona chagada, dzanja lamanja pansi pa mutu. Anapukuta pakati pa nthiti za kumanja, nabaya jakisoni wochititsa dzanzi, ndipo ameneyu ndi amene amawawa. Akuyang'ana pa sikani anati, "Tulutsani mpweya, gwirani pomwepo," kenako ndinamva kuti thwa! Anandionetsa m'kabotolo: kanyama kofiirira kosakwana masentimita awiri, koonda kuposa kamtengo ka machesi. Pambuyo pake amakugonekani chammbali, mbali yobayidwayo pansi, kwa maola angapo, anamwino akubwerabwera kudzayeza BP. Phewa lamanja linandiwawa, ndipo anati zimachitika. Kwa sabata yathunthu osanyamula matumba.

Zochitika ku labu ndinazifunsa mwachidwi, popeza kudikira zotsatira kumatalika ndipo munthu umafuna kudziwa chochedwetsa. Kanyamako amakaviika m'mankhwala a formalin kuti kasawole, amakachotsa madzi, n'kukaumbira m'phula. Phulalo amalisenga ndi makina tizigawo topyapyala ta mamaikuloni atatu mpaka asanu, toti kuwala kumadutsa, n'kutimata pagalasi. Kenako amatipaka utoto wa mitundu iwiri, wina wofiirira wina wabuluu wodera, ndipo pofuna kuona zipsera amaonjezera utoto wachitatu. Pomaliza dokotala wodziwa kuwerenga minofu amakhala pansi n'kuona. Labu imeneyi inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina. Kale zoterezi zinkayembekezera ku Blantyre. Lembani nambala ya kabotolo kanu m'kabuku ndipo siyani nambala ya foni yogwira.

Zotsatira zitabwera, mawu oyamba anali akuti khansa palibe. Ena onse ndinawamva bwino chifukwa cha amenewo. Pagalasi panaoneka mazira a likodzo, ena akuonekabe kaminga kake kam'mbali, atazingidwa ndi zipsera. Panaonekanso kutupa kobwera ndi hepatitis B, koma chiwindi chinali chisanafike pouma kumene amakutcha cirrhosis. Kusiyana kwake n'kofunika. Zipsera za likodzo zimafinya mitsempha koma maselo a chiwindi amagwirabe ntchito, pomwe cirrhosis imagumula kamangidwe konse. Magazi ndi sikani zinalephera kulekanitsa ziwirizi mwa ine. Komabe likodzo lili ndi msampha wake: magazi akamavutika kudutsa m'chiwindi amabwerera, mitsempha ya kummero imafufuma, ndipo tsiku lina munthu amangosanza magazi. N'chifukwa chake amalowetsa kamera kummero, ndipo ena amawapatsa propranolol, mankhwala ochepetsa kuthamanga kwa magazi m'mitsemphayo.

Ndinafunsa ngati Covid ndi imene inawononga chiwindi changa. Anati ayi, zipsera zotere zimatenga zaka, Covid inangovundukula. Ofufuza amene anapima matupi a anthu omwalira ndi matendawa ankapeza chiwonongeko chachikulu m'mapapo, timatumba ta mpweya titakutidwa ndi nembanemba, timitsempha titatsekeka ndi magazi oundana. M'chiwindi ankapezamo mafuta, kudzadza kwa magazi ndi kutupa pang'ono. Choopsa chili kwa amene chiwindi chinauma kale: kafukufuku wa odwala 745 a m'mayiko 29 anapeza kuti mwa a cirrhosis amene anadwala Covid anamwalira 32 pa 100 alionse, pomwe mwa odwala chiwindi chosauma anali 8. Kuno kwathu nakonso, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anapima mapapo a anthu amene anamwalira ku Queens ku Blantyre, ndipo zimene anasindikiza mu 2024 zinaonetsa kuti chitetezo cha m'thupi mwa Amalawiwo chinalimbana ndi kachilomboka mosiyanako ndi cha odwala a ku America. Mabanja amene analola zimenezo ali pachisoni ndimawapatsa ulemu. Katemera wa Covid ndinabayitsa mosanyinyirika.

Tsopano ndimamwa tenofovir, mankhwala a hepatitis B, m'bulu umodzi patsiku. Mankhwalawa alimonso mu ma ARV, choncho okonda kuyankhula amayankhula, ine ndimangodutsa. Osasiya mwadzidzidzi, chifukwa kachilombo kamadzuka mwaukali n'kuvulaza chiwindi koposa kale. Amayeza impso nthawi ndi nthawi, ndipo sikani ndi ya miyezi 6 iliyonse. Mu 2024 bungwe la WHO linafewetsa malamulo, moti APRI ikangopitirira 0.5 munthu wa hepatitis B akhoza kuyamba mankhwala. Ambiri lero sangadutse njira yaitali ngati yanga. Mowa ndinasiya. Mtedza ndi chimanga chachuku sizilowa m'nyumba mwanga, popeza poizoni wa chuku akakumana ndi hepatitis B khansa imayandikira. Nyanja yokha sindingaisiye, usipa sugulidwa uli pamtunda wouma, ndiye praziquantel ndimabwereza adokotala akanena.

Popeza tinabadwa kwa mayi mmodzi, adokotala anandiuza kuti abale anga onse akayezetse. Mlongo wanga wa ku Chipoka anapita, anapezeka nako, ndipo akumuyang'anira. Achimwene anga aakulu mpaka lero akukana. Akuti munthu amene amapalasa bwato usiku wonse osatopa sangakhale ndi chiwindi chodwala.