Sukulu ya kwacha ikatha, wophunzira amalowera kuti?

Ndondomeko ya boma ya maphunziro a anthu akuluakulu imamveka bwino papepala. Ya dziko lino inatuluka mu 2020, patatha zaka zoposa 30 sukulu za kwacha zitakhazikitsidwa m'dziko lonse mu 1986. Ndikaiika pambali pa ndondomeko za maiko ena, chimene ndikuona n'chakuti vuto silikhala pa tsiku lotsegulira kalasi. Amfumu akangomema anthu, kaundula amadzaza. Pomwe ndondomeko imayesedwa ndi mwezi wa 11, maphunziro a miyezi khumi atatha, satifiketi ili m'manja, mlangizi wa kalasi wabwerera kumunda kwake, ndipo mayi amene waphunzira kulemba dzina lake alibe chowerenga komanso alibe kalasi ina yoti alowemo.

Kukula kwa ntchitoyi kumaoneka m'kalembera wa 2018: mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 69 pa 100 alionse ndiwo ankatha kulemba ndi kuwerenga, ndipo akazi anali m'mbuyo poyerekeza ndi amuna. Ena amaganiza kuti vutoli lidzatha lokha okalamba akadzatha, popeza pulayimale inakhala yaulere mu 1994. Si choncho ayi. Chaka chimenecho ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi anasefukira, ndipo kufikira lero ana ambiri amasiyira mu Sitandade 3 kapena 4 asanagwire bwino zilembo. Mwana wotere akafika zaka 20 ndiye wophunzira wa kwacha wa mawa.

Kapangidwe ka kalasi kali motere. Pulogalamuyi yakhala ili pansi pa unduna woona za chitukuko cha m'madera, osati Unduna wa Zamaphunziro. Mabuku ndi silabasi zimachokera ku likulu la maphunziro a anthu akuluakulu lotchedwa NACLAE. Pa boma pali ofesi ya zachitukuko, ndipo m'madera muli alangizi a zachitukuko, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa ku koleji ya zachitukuko ya Magomero. Mudzi umasankha komiti ya sukulu ndi munthu wodziwa kuwerenga woti akhale mlangizi wa kalasi. Iyeyu amaphunzitsidwa kwa masabata awiri basi. Kalasi imayenera kukumana maola awiri pa tsiku, masiku anayi pa sabata, kwa miyezi khumi, ndipo buku lomwe lakhala likugwiritsidwa ntchito nthawi yaitali ndi Chuma ndi Moyo. Pamapeto pamakhala mayeso, ndipo wokhoza amatengedwa ngati wafika msinkhu wa Sitandade 4.

Tawerengerani maolawo: asanu ndi atatu pa sabata, masabata pafupifupi 40, ndiye kuti maola 320 ngati palibe tsiku lojomba. Koma kumudzi kalendala ili ndi eni ake. Mu Disembala anthu akubzala, mu Januwale akupalira ndi kubandira, mu Febuluwale njala yafika pachimake ndipo aliyense ali pa ganyu. Mu Epulo ndi Meyi ndi kukolola, ndipo m'madera a fodya kusankha ndi kudinda mabelo kumalowerera mpaka m'nyengo yozizira. Onjezanipo maliro, tsiku la msika, tsiku la sikelo ya ana, ndi zinamwali za mu Ogasiti. Kalasi yotsegulidwa m'dzinja chifukwa ndi pamene ndalama zafika ku khonsolo imataya ophunzira isanafike pa tsamba la 10. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi kufikira Novembala, masana kuyambira 2 koloko, amayi atatha kuphika nsima ya masana koma asanayambe kutunga madzi a madzulo. Miyezi isanu ndi iwiri imeneyi siikwana khumi, choncho n'kwanzeru kugawa maphunziro m'zigawo ziwiri za chilimwe, n'kusiya tsiku limodzi pa sabata m'dzinja kuti dzanja lisaiwale pensulo. Ndondomeko yabwino iyenera kulola komiti ya m'mudzi kusankha masiku, chifukwa msodzi wa ku Nkhotakota ndi mlimi wa mpunga wa ku Karonga sakhala ndi mpata nthawi imodzi.

Kenako pali mlangizi. Amatchedwa wongodzipereka, amalandira kangachepe kongomuthokoza, ndipo kangachepeko kamachedwa miyezi. Zotsatira zake n'zodziwikiratu. Bungwe lina likabwera ndi ntchito ya kalembera kapena yogawa chimanga, mlangizi waluso ndiye amayamba kutengedwa, popeza m'mudzimo ndiye wodziwa kulemba. Mu 2005 mabungwe a ActionAid ndi Global Campaign for Education anafufuza mapulogalamu a m'maiko ambiri n'kutulutsa miyezo yomwe ndi yothandizabe: mlangizi azilandira ndalama yosachepera malipiro otsikitsitsa a mphunzitsi wa pulayimale pa maola amene wagwira, asapitirire ophunzira 30, kalasi izikumana kosachepera kawiri pa sabata kwa zaka ziwiri, wophunzira mmodzi aziwerengeredwa madola 50 mpaka 100 pa chaka kwa zaka zitatu, ndipo boma lipatule 3 peresenti ya bajeti ya maphunziro. Onani kusiyana kwa zaka zitatu ndi miyezi yathu khumi. Kalasi ya anthu 25 pa mtengo wotsikawo ikufuna madola 1,250 pa chaka. Aliyense wolemba bajeti ya khonsolo ayambire pa chiwerengero chimenechi, aone kuti ndalama zomwe zilipo zingakwanire makalasi angati oyenda bwino, m'malo mogawa choko ndi bolodi ku makalasi 200 ongokhala m'lipoti.

Pali tizifukwa tina timene olemba ndondomeko amatidumpha chifukwa timaoneka tating'ono. Munthu akapitirira zaka 40 maso amavutika kuona zapafupi. Agogo amene "sakugwira" nthawi zambiri mutu ulibe vuto, zilembo ndizo zikuoneka mbuu. Magalasi owerengera a mphamvu ya +1.00 mpaka +2.50 ndi otsika mtengo, ndipo kuyeza maso sabata yoyamba kungapulumutse ophunzira angapo m'kalasi iliyonse. Amuna nawo sabwera. Bambo amene ndi nduna ya amfumu kapena mkulu wa mpingo sangalole kulephera "a, e, i, o, u" pamaso pa apongozi ake aakazi, ndiye makalasi ambiri amakhala a amayi okhaokha. Kumukopa ndi nyimbo sikuthandiza. Amabwera kalasi ikakhala ya kalabu ya alimi, ya komiti ya usodzi kapena ya akabaza, pomwe kuwerenga kwalowa ngati chida cha ntchito. Za chilankhulo ndingonena mwachidule: munthu wa ku Mzimba kapena ku Mangochi woyamba zilembo m'Chichewa akuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, pamene akanayamba m'Chitumbuka kapena m'Chiyawo n'kuwolokera ku Chichewa pambuyo pake.

Tsopano ku mwezi wa 11 kuja. Kuwerenga kuli ngati khasu: likakhala pakhonde chaka chathunthu limachita dzimbiri. Amene wangofika msinkhu wa Sitandade 4 amawerenga mogawa mawu m'maphatikizo, pang'onopang'ono, ndipo akakhala miyezi ingapo osaona cholembedwa amabwerera pa kudinda ndi chala. Tanzania ndi chitsanzo chophunzitsa zambiri. Julius Nyerere analengeza 1970 kukhala chaka cha maphunziro a akuluakulu, ndipo sanathere pa makalasi: panali nyuzipepala za kumidzi, malaibulale a m'midzi, magulu omvera wayilesi monga a kampeni ya Mtu ni Afya mu 1973, ndi makoleji a zachitukuko otchedwa Folk Development Colleges omwe anayamba mu 1975 mothandizidwa ndi Sweden. Chiwerengero cha osadziwa kuwerenga chinatsika kwambiri kufikira m'ma 1980. Chuma chitavuta, nyuzipepala zija zinasiya kutuluka, alangizi anasiya kulipidwa, ndipo chiwerengerocho chinayambanso kukwera. Zomwe zinagwa poyamba ndi zinthu zosunga luso zija.

Kwathu kuno zowerenga zilipo kale m'moyo wa tsiku ndi tsiku, kungoti silabasi imazisiya panja. Kabuku ka banki mkhonde kali ndi masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja. Mayi amene wakongola K20,000 pa 20 peresenti ayenera kudziwa yekha kuti abweza K24,000, osadalira mlembi. Foni ili ndi Airtel Money ndi Mpamba, ndipo amene satha kuwerenga uthenga wotsimikizira amapereka nambala yake yachinsinsi kwa ejenti kapena kwa mdzukulu, ndiye pamene ndalama za Mtukula Pakhomo zimayambira kusowa. Buku la kuchipatala lili ndi tsiku lobwererako ndi kamwedwe ka mankhwala. Kumunda, kabzalidwe ka Sasakawa kamafuna mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, zomwe zimapereka mbewu zoposa 53,000 pa hekitala. Phunziro la masamu lochitikira pamunda ndi chingwe ndi tepi limakhala m'mutu kuposa la pabolodi. Njira ya REFLECT, yomwe ActionAid inayesa koyamba ku Uganda, Bangladesh ndi El Salvador pakati pa 1993 ndi 1995 potengera maganizo a katswiri wa zamaphunziro wa ku Brazil, Paulo Freire, imayambira pomwepo: ophunzira amajambula pansi mapu a mudzi wawo, kalendala ya njala kapena ya matenda, kenako mawu olemba amachokera m'zojambulazo. Ndi njira yabwino, koma imalira mlangizi wophunzitsidwa kwambiri kuposa wa buku. Ikapatsidwa kwa mlangizi wa masabata awiri uja, kalasi imasanduka msonkhano wokambirana mavuto a mjigo, kulemba n'kuiwalika.

Ophunzira ambiri akakhoza amapempha Chingerezi. Ena amawaseka, koma akunena zoona: fomu ya ku banki, mayeso a boma ndi malangizo a pa botolo la mankhwala a mbewu zili m'Chingerezi. Apa ndi pamene dzenje lalikulu la ndondomeko likuonekera. Satifiketi ya kwacha imachokera ku unduna wina, mayeso a Sitandade 8, JCE ndi MSCE ali m'manja mwa bungwe la mayeso la MANEB ndi Unduna wa Zamaphunziro, ndipo maphunziro a ntchito zamanja amayang'aniridwa ndi TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo imalandira 1 peresenti ya malipiro a antchito kuchokera kwa olemba ntchito. Sekondale za masana ndi Malawi College of Distance Education zimalandira amene ali kale ndi satifiketi ya pulayimale. Makoleji a ntchito zamanja a m'madera, omwe anayamba mu 2015, nawonso amafuna mapepala a sekondale pa maphunziro awo ambiri. Ndiye pakati pa Sitandade 4 ya kwacha ndi Sitandade 8 palibe mlatho wooneka. Mayi wa zaka 35 sangakakhale pa desiki limodzi ndi mwana wake mu Sitandade 5.

Mlathowo ungamangidwe popanda nyumba zatsopano. Pakufunika silabasi yofupikitsidwa ya Sitandade 5 mpaka 8 yoti munthu wamkulu aimalize m'zaka ziwiri, yophunzitsidwa masana m'makalasi a pulayimale ana ataweruka, ndi aphunzitsi olipidwa pa ola. MANEB ikhale ndi njira yosavuta yolembetsera munthu wamkulu mayeso a Sitandade 8 ngati wapadera. TEVETA ikulitse ntchito yoyesa luso la munthu amene anaphunzirira ntchito pamsika, kuti telala kapena wowotcherera zitsulo wa ku Ndirande ayesedwe ndi manja ndi pakamwa, apatsidwe pepala, ndipo kuwerenga miyezo ndi kulemba koteshoni kuphunzitsidwe pomwepo. Gawo la 1 peresenti ija likhoza kubwezedwa kwa esiteti ya tiyi kapena kampani ya alonda yomwe yapatsa antchito ake maola awiri pa sabata oti aphunzire osadulidwa malipiro.

Maiko olemera ali ndi njira ina, yopatsa munthu aliyense thumba lake la maphunziro. Singapore inayamba mu 2016 kupatsa nzika iliyonse ya zaka 25 kupita m'tsogolo madola 500 a kwawoko, ndipo France imaika mayuro 500 pa chaka mu akaunti ya wantchito. Sindikuona kuti ndi poyambira pathu. Njirayi imathandiza amene ndi ophunzira kale, odziwa kusankha kosi, ndipo ku France komweko akamberembere oimba mafoni anadyapo ndalama zambiri boma lisanakhwimitse malamulo.

Pamsonkhano wa UNESCO wa ku Marrakech mu 2022 maiko analonjezanso kuonjezera ndalama za maphunziro a akuluakulu, ndipo pa 8 Seputembala chaka chilichonse, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga pa dziko lonse, timamva ziwerengero za olembetsa ndi okhoza. Ziwerengero ziwirizi sizikwanira. Khonsolo izibwerera kwa ophunzira patatha chaka chimodzi, itenge anthu khumi pa kalasi iliyonse yosankhidwa mwamaere, aliyense apatsidwe uthenga wa pafoni kuti awerenge, fomu yaifupi kuti alembe, ndi tsamba la banki mkhonde kuti awonkhetse. Lipoti lionetsenso kuti ndi angati analowa gawo lotsatira, ndiponso kuti mlangizi wawo analandira ndalama zake miyezi ingati mwa khumi ija.