Sizoni yatha, ana sanathawe, zikomo

Abale anga ndangofika kumene, nsapato zikadali ndi mchenga wa pa grawundi ndipo mawu andithera ndi kukuwa, koma ndati ndisagone ndisanalembe izi chifukwa mawa ndikadzuka 4 koloko kuthamangira teksi ya kuntchito mtima udzakhala utazizira kale. Sizoni ya baseball yatha lero. Tamaliza ndi ana 17. Inu amene munaona m'mene zinalili mu October mukudziwa chifukwa chake misozi ikulengeza polemba nambala imeneyi. Tinayamba ndi ana asanu, awiri mwa iwo anga omwe, pomwe timu kuti ingolowa m'grawundi imafuna anthu 9. Magemu awiri oyamba tinaluza osaponya ngakhale mpira umodzi, kungofika, kuwerengana, n'kubwerera. Akuluakulu a kalabu anandiuza mwaulemu kuti Khrisimasi ikafika zili choncho timu ya ana tingoyitseka. Sitinayitseke. Ambuye Mulungu, ndinu nokha mukudziwa ma Lachisanu usiku amene ndinagwada kupempha kuti mawa angobwera 9 basi, kuwina ayi, angokwana. Landirani ulemu wanu.

Koma pansi pano munthu amene ndikufuna mumudziwe ndi Anti athu olemba sikoo. Dzina sindilemba chifukwa andikalipira, sakonda zimenezo. Ndi mayi achikulire a kuno ku Cape Flats, dera la mu mzinda wa Cape Town ku South Africa, anakulira m'masewera amenewa, bambo awo ankasewera, malemu amuna awo ankasewera, ana awo anasewera n'kusamuka, iwo anangotsala ndi mpando wawo wopinda, ambulera ndi buku la sikoo lija lokhala ndi timadayamondi ting'onoting'ono. Palibe mwana wawo kapena mdzukulu mu timu yathu. Palibe amawalipira. Anti, zikomo, ndipo ndibwerezanso.

Ine poyamba ndimaganiza kuti vuto ndi kupeza ana. Ndinasindikiza mapepala, kumata pa timagolosale tija amati ma spaza, kulengeza ku tchalitchi kwathu kwa aMalawi, kupempha masukulu awiri a pulayimale. Tsiku lomwe tinaitana aliyense kunabwera chinamtindi cha ana, oposa 30, ndinasangalala mpaka kuimbira foni kumudzi. Sabata yotsatira anabwerako 6. Ndinakhala pa benchi mutu uli m'manja. Anti anabwera n'kukhala pambali panga, anatsegula kabuku kena kachikuto cholimba, osati la sikoo lija, n'kundionetsa. Anali atalemba mwana aliyense amene anabwera tsiku lija, ndipo pambali pa dzina anachonga ngati mwanayo anamenyako mpira kapena ayi. Ambiri panalibe chochonga. Ndinawaimika pa mzere wautali, m'modzi akuyesa kumenya mpira woponyedwa ndi ine, kuphonya katatu n'kuchoka, enawo atangoima padzuwa kumakumba mchenga ndi chala chakuphazi. Wina mpira wolimba uja unamufika pa chala analira. Anti anangondiuza chinthu chimodzi, kuti mwana amene wabwerera kwawo osamva mpira ukulira pa bat yake, ndodo yomenyera mpira ija, sabweranso, ndipo alibe chifukwa chobwerera chifukwa mpira wamiyendo uli pakhomo pake pomwe, waulere, ndipo aliyense amaukhudza.

Ndiye tinasintha zonse. Atsopano onse amayambira pa tee, kamtengo kaja koyikapo mpira kuti usamayende, mwana amenye yekha mpaka amve kukoma. Mpira wofewa kaye, wolimba pambuyo. Timagulu ta ana anayi anayi kuti pasakhale woima chabe. Ndipo Lachitatu lililonse tinasiya kudikira ana ku grawundi, tinawatsatira komwe amakhala, pa bwalo la netibo, kukasewera Baseball5. Kwa amene simukuidziwa, ndi mtundu wa baseball umene bungwe la WBSC, loyang'anira baseball padziko lonse, linakhazikitsa kuti uziseweredwa paliponse, anthu asanu mbali iliyonse, kampira ka labala, umamenya ndi dzanja lako lomwe, palibe bat, palibe golovesi, palibe woponya. Ma base, malo amene womenya mpira amathamangirapo, timajambula ndi choko. Mtengo wake ndi kampira kamodzi basi. Ana 8 mwa 17 amene tamaliza nawo lero anachokera pa bwalo la netibo limenelo, ndipo asanu ndi atsikana. Ndikawaona akuponya ndimakumbuka azichemwali anga akusewera fulaye kumudzi, dzanja lomwe lija, diso lomwe lija, kungoti kwathu palibe anatiuza kuti luso limenelo lili ndi kopita.

Kabuku ka Anti kaja kanakula. Munali dzina la mwana, komwe amakhala, amene amamusunga kaya ndi mayi kaya agogo kaya azakhali, dzanja lomwe amaponyera, ngati amadwala chifuwa. Anaphunzira kutchula bwinobwino mayina athu a Chichewa amene ena kuno amangowadula pakati, a Chixhosa, a Chishona, a ana a ku Congo, amachita kufunsa mwana kuti nenanso, nenanso, mpaka alondole. Mwana akajomba kawiri motsatizana samadikira kachitatu, foni imalira kwa kholo. Ndipo samafunsa kuti n'chifukwa chiyani sanabwere, amati tamusowa.

January ndi amene anatsala pang'ono kundimaliza. Holide ya December itatha sukulu zitatsegulira ana anabalalika, ena mayunifomu a sukulu adya ndalama zonse, ena aphunzitsi awatengera ku zothamanga, ena basi chabe anazolowera kukhala. Tinatsikanso kufika pa 7. Ine ndinali nditatopa, ndinauza mayi a ana anga kuti ndasiya. Anti anandiimbira Lamlungu masana kuti valani nsapato ndikukudikirani pa kona. Tinayenda khomo ndi khomo, chimphepo cha south-easter chija chikutithira mchenga m'maso, iwo bondo likuwapweteka akutsimphina, kabuku kali m'chikwama. Nyumba 9 tsiku limenelo. Pa khomo lina tinapeza kuti mwana anasiya chifukwa cha fizi ya kalabu, mayi ake amachita manyazi kunena. Pa lina nsapato zinang'ambika. Pa lina mwana anati iye nthawi zonse amangoyikidwa kutali ku right field komwe mpira sufika, ndipo apa wolakwa ndinali ine, ndinamupepesa pamaso pa agogo ake. Kuyambira pamenepo mwana aliyense amasinthidwa malo, aliyense amamenya gemu iliyonse ngakhale tikuluza. Tinaluza ambiri ndithu, tawina anayi okha sizoni yonse, koma Loweruka lotsatira ulendo uja anabwerera 6.

Nkhani ya golovesi ndiyenera kuinena. Tili ndi kamnyamata kamanzere, ndipo magolovesi onse amene kalabu inatibwereka ndi a anthu oponya ndi dzanja lamanja. Ndiye iko kamavala kumanzere, kuwakha mpira, kuvula golovesi msangamsanga kuiponya pansi, kenako kuponya ndi dzanja lomwelo. Miyezi iwiri kakuchita zimenezi osadandaula. Tsiku lina Anti anabwera ndi jumbo, mkati muli golovesi yakale yofiirira, chikopa chake chakuda ndi thukuta la zaka, atayipaka mafuta n'kumanganso zingwe zake. Inali ya malemu amuna awo, nawonso anali amanzere. Anamuveka okha kudzanja lamanja, inali yaikulu mpaka kufika pa mkono, n'kumuuza kuti aziyisunga pansi pa matilesi mpira uli mkati. Lero kamnyamata kameneko kawakha mpira wam'mwamba womaliza gemu. Ndinayang'ana kwa Anti ndinapeza pensulo ili m'manja koma sakulemba.

Ndi iwonso amene anaonetsa anawa pa foni vidiyo ya Gift Ngoepe. Mnyamata wobadwira ku Polokwane, anakulira m'kachipinda ka pa clubhouse ya timu ya baseball ya Randburg Mets ku Johannesburg komwe mayi ake ankagwira ntchito, ndipo pa 26 April 2017 analowa m'grawundi atavala yunifomu ya Pittsburgh Pirates, woyamba wochokera mu Africa muno kusewera mu Major League, ligi yaikulu ya baseball ku America, n'kumenya bwino mpira ulendo wake woyamba womwe polimbana ndi Chicago Cubs. Mwana wina anafunsa kuti mayi ake ankakolopa ngati mayi anga? Anti anati eya. Ana onse anangoti zii.

Ndithokozenso achimwene a bakkie, galimoto ya pikiapu ija, amene Loweruka lililonse lomwe timasewera koyenda amataya ganyu yawo kutinyamulira zikwama ndi zipewa zolimba zija, mafuta osandiuza mtengo. Oyendetsa teksi amene anavomera kumatitenga pa mtengo wotsika. Amayi atatu a ku tchalitchi amene amadzuka m'mamawa kupaka chiponde m'mabuledi, inu mukudziwa kuti ana ena buledi ameneyo ndi amene amakhala chakudya choyamba cha tsikulo. Makolo amene mumagwira ntchito Loweruka m'magaladeni ndi m'makhitchini a anthu, simunaonereko gemu ngakhale imodzi koma mumachapa yunifomu usiku n'kufunsa sikoo pa WhatsApp, ndimakuonani, musadzimve olakwa. Timu ija ya kumpoto kwa tawuni imene inatibwereka ana awo awiri kuti gemu ichitike m'malo motenga mapointi aulere, Mulungu akudalitseni. Mayi a ana anga, mwapirira, ma Loweruka onse a chilimwe chino ndakulandani.

Kwa abale ena amene munati awa ndi masewera a azungu ndikuwononga nthawi ya ana, bwerani mudzaone amene amadzaza magrawundi a ku Athlone ndi Mitchells Plain kuno ku Cape Flats, ndipo dziko lino la South Africa linapitako ku Olympics ya ku Sydney mu 2000 ndi baseball yomweyi. Ndipo inu munalonjeza pagulu magolovesi khumi anthu n'kuombera m'manja, sindikusungirani kanthu kukhosi, kungoti ana amafunsabe.

Anti akupita ku opaleshoni ya bondo mwezi wamawa, chonde muwaike m'mapemphero. Lero potsanzikana andipatsa kabuku kaja kuti ndisunge mpaka atachira, ndipo andiuza kuti nyengo yozizira ino ndisalole ana abalalike, Baseball5 ipitirire ngakhale mvula ikugwa, tipemphe holo ya tchalitchi. Ndavomera. Ndiye Lachitatu likubwerali 4 koloko madzulo pa bwalo la netibo lomwe lija, mayunifomu mubweretse ochapa tiwawerenge, ndipo aliyense abwere ndi mnzake m'modzi. Amene muli ndi golovesi yakale ikungogona m'galaja ya abwana anu, pemphani, makamaka yamanzere, tapeza kamtsikana kenanso.

Anti, zikomo. Zikomo kwambiri mayi.