Dzenje lachitatu linatulutsa madzi mu Okutobala

Ntchito yanga ndi yoyeza nthaka anthu asanamange. Masiku awiri oyamba a sabata ino palibe zambiri zonena. Lolemba tinali ku Chileka pa ploti ya sitolo: katondo wouma bwino, maenje awiri, kuyeza ndi DCP (chitsulo chimene timakhomera m'nthaka ndi hamala kuti tidziwe kulimba kwake), basi tinabwerako. Lachiwiri lonse linathera pamzere wa mafuta, matumba a dothi lokayeza ali kumbuyo kwa galimoto. Lachitatu ndi limene landisowetsa tulo.

Anatituma pa ploti ina pamtsetse wa phiri la Soche. Mwini wake ali ku Joni, amangotumiza ndalama, woyang'anira ntchito ndi mkulu wake. Titafika tinapeza mmisiri anayamba kalekale. Anagumula kumtunda, dothi lonselo n'kulikankhira kumunsi kuti pakhale posalala, ndipo zingwe za maziko anali atamanga kale, theka la nyumba pa nthaka yeniyeni, theka pa dothi lothira. Palibe amene analitsendera dothilo. Analingomwaza ndi mafosholo, n'kumadalira kuti mawilibala odutsa alilimbitsa.

Dzenje loyamba, kumtunda, aganyu anafika pa mwala wofumbutuka asanatope n'komwe. Dzenje lachiwiri linali chimodzimodzi. Dzenje lachitatu ndinauza kuti akumbe pakona ya kumunsi, pamene pulani ikusonyeza chipinda chogona ana. Piki inkangolowa yokha. Titapitirira mita imodzi tinayamba kutulutsa udzu wosawola, majumbo, ndi mapesi a chimanga. Pansi pake panali mzere wakuda, nthaka yakale ya pamwamba imene anaikwirira osaipala. Ndinalowa m'dzenjemo, n'kugwira khoma lake ndi dzanja. Linali lozizira, lonyowa. Tinadikira pang'ono, madzi n'kuyamba kudikha pansi. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanagwe ngakhale kamodzi! DCP inangotsimikiza: hamala ya makilogalamu 8 ija imati ikagwa kamodzi, chitsulo chimalowa ngati ukubaya phala.

Anzanga a ntchitoyi mukudziwa chimene chimatsatira. Madzi a mvula amalowa mosavuta m'dothi lothira, akafika pa nthaka yakale ija amayenda chotsetsereka, malowo n'kusanduka poterera. Zikayenda bwino, mbali imodzi ya nyumba imatitimira, makoma n'kung'aluka. Zikavuta, dothi lonselo limatsika ndi nyumba yomwe.

Ndinawaitana akuluwo. "Achimwene, pano musathirepo konkire."

"Bwana, simenti tagula kale, mvula ili pafupi. Anzathu onsewa amanga, ife talakwanji?" Ankaloza nyumba zimene zaunjikana m'mwamba ndi m'munsi mwa plotiyo, zina zili ndi makoma otchinga dothi opanda ngakhale bowo limodzi lotulutsira madzi.

Mtima unandiwawa chifukwa ndi phiri lomwelo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ndinapita ku Chilobwe patapita masiku ochepa. Ndinaona miyala yaikulu kuposa galimoto itakhala pamene panali nyumba za anthu, achibale akukumba ndi makasu kufunafuna mitembo. Mitengo m'phirimo inatha, anthu akukwerabe nazo nyumba. Akuluwo anamvetsera, anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti maganizo awo ali pa foni ya ku Joni imene ibwere madzulo kufunsa kuti maziko afika pati.

Ndinawalongosolera kuti malowo angathe kumangika, koma osati mmene ayambiramo. Maziko atsike mpaka pa nthaka yolimba, ayende ngati masitepe motsatira mtsetse. Dothi lothiralo lichotsedwe, libwezedwe pang'onopang'ono, masentimita 15 n'kutsendera, enanso 15 n'kutsendera. Kumtunda kukhale ngalande yopatutsa madzi, khoma lotchinga likhale ndi miyala kumbuyo ndi mabowo. Mmisiri anangoti zimenezo n'zodula, iye wamanga nyumba zambiri m'phirimo ndipo zilipobe.

Chimene chinandikwiyitsa kwambiri chinachitika Lachinayi ku ofesi. Abwana anati dothi la dzenje lachitatu tisalitumize ku labu, kasitomala analipira zochepa, ndingolemba kuti malowo ndi oyenera "malinga ndi kusamala pomanga". Ndinakana. Zaka zonsezi ndakhala ndikulowa m'maenje, dzina langa silikhala pansi pa mawu amenewo. Tinakangana mpaka anzathu anatuluka panja. DCP tili nayo imodzi kampani yonse, nsonga yake inabuntha kale, ndalama yogulira ina imasowa, koma lipoti akufuna lituluke tsiku lomwelo.

Lachisanu ndinalemba zimene ndinaona, ndinaikamo zithunzi za madzi aja ndi majumbo, n'kutumiza kwa mwini ploti pa WhatsApp ndekha. Sanayankhe. Loweruka m'mawa ndinadzera komweko popita kwathu. Dzenje lachitatu alikwirira, ndipo pambali pake lole yatsitsa mchenga ndi kwale.