Novel ya chikondi ndi chiwembu ya pa kaunjika: yambani ndi tsamba lomaliza

Mukaima pamulu wa mabuku oyalidwa pansi ku Old Town, musayambe ndi chikuto. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Litembenuzeni bukulo, mutsegule kumapeto, muphimbe mawu ndi chikhatho kuti musadziwiretu amene wapha munthu, kenako muone mmene tsamba lomaliza lakhalira. Nkhani yomwe yathadi kawirikawiri imathera pakati pa tsamba, m'munsi mwake n'kutsala poyera. Ngati mawu adzaza mpaka pansi ndipo chiganizo chadukira panjira, masamba ena adathothoka, ndipo bukulo libwezeni pamulu ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo.

Mabuku amene pamsana pake amalembapo romantic suspense amayenda ndi mafunso awiri nthawi imodzi. Loyamba, ndani akufuna moyo wa mayi wa m'nkhaniyo? Lachiwiri, kodi iye ndi bambo amene akukondana naye atherana bwanji? Mayankho onse awiri mlembi amawasungira masamba 20 kapena 30 omaliza. Tsoka lake, masamba amenewa ndi omwe amayamba kuchoka, chifukwa mabuku ang'onoang'ono a chikuto chofewa sasokedwa ndi ulusi, amangomatidwa ndi guluu kumsana, ndiye chikuto chakumbuyo chikayamba kusomphoka chimakoka masamba oyandikana nacho. Buku la mbiri yakale losowa tsamba limodzi munthu amawerengabe. Ili likasowa mathero ndi loyatsira mbaula basi.

Pali kamsampha kena komweko. Osindikiza ambiri amaika kumapeto chaputala choyamba cha buku lina pofuna kukukokani kuti mukaligule. Ndiye mukaona tsamba lomaliza ladukira panjira, bwererani m'mbuyo masamba khumi kapena makumi awiri. Mukapeza mawu akuti Epilogue (kachigawo kotsekera nkhani), kapena tsamba lothera pakati lotsatidwa ndi mutu wa buku lina, nkhani yanu ndi yathunthu ndipo chosowacho ndi chotsatsa malonda chabe. Zoterezi n'zonenerera nazo mtengo, si zosiyira buku.

Mukakhutira ndi kumapeto, yendetsani chala chachikulu m'mphepete mwa masamba pang'onopang'ono maso ali pa manambala. Tsamba lakumanja limakhala ndi nambala yosagawika pawiri, monga 87, 89, 91. Pakadumpha, mudzaona. Nthawi zina vuto limachokera kosindikiza komwe: masamba amasindikizidwa m'mitolo ya 16 kapena 32, ndiye mtolo umodzi ukhoza kusowa kapena kubwerezedwa kawiri, buku likuoneka lanyuwani ndithu. Kenako litseguleni pakati mosakakamiza. Likamalira ngati mukuthyola chikonyo chouma, ndipo m'kati mwa msana mukuyoyoka tizidutswa tachikasu, guluu adauma kalekale ndipo bukulo silipirira anthu awiri. Mizere yoyera ya pamsana isakuopseni, imangosonyeza kuti wina adaliwerenga. Masamba ofiirira nawonso si vuto, pepala lotchipa limatero likakalamba. Chomwe muyenera kukana ndi fungo la chinyontho, madontho akuda kapena obiriwira a nkhungu, masamba omatana, ndi tinjira ta dothi tosonyeza kuti chiswe chidalowamo. Nkhungu imasamukira ku mabuku ena pashelefu, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi pamene nyumba zambiri zimakhala za chinyezi.

Tsopano kuzindikira mtundu wake. Kwa wogulitsa onse ndi ma novel, ndipo mukamufunsa ngati ili ndi labwino yankho ndi limodzi: "Limeneli ndiye lokoma bwana, anthu akulifuna." Musamuimbe mlandu, ali pa ntchito. Werengani nokha mawu a kuchikuto chakumbuyo. Akatchula mwamuna ndi mkazi mayina awo, n'kutchulanso choopsa chowazinga, monga mboni yomwe ikusakidwa, mwana wobedwa, kapena munthu wosadziwika woimba foni usiku, mwapeza chomwe mukufuna. Akangotchula wapolisi mmodzi ndi mtembo, imeneyo ndi nkhani ya upandu chabe ndipo wofuna chikondi adzakudandaulani. Akangotchula bwana wachuma ndi sekilitale wake, ndi chikondi chokhachokha, palibe wothamangitsidwa. Kusiyana kwake kwenikweni ndi lonjezo la mathero: mu romantic suspense okondanawo amapulumuka ndipo amatsala limodzi. Wowerenga amadziwa zimenezi asanayambe, chomwe amagulira ndi njira yokafikira kumeneko.

Dzina la osindikiza limathandiza kwambiri kuposa chithunzi. Mills & Boon idayamba ku London mu 1908, ndipo Harlequin ya ku Canada idaigula mu 1971, choncho nkhani imodzimodzi imatha kutuluka ku America ndi dzina la Harlequin, ku Britain ndi la Mills & Boon, zikuto zosiyana. Poti mabuku a pa kaunjika amachokera mbali zonse ziwiri, n'chapafupi kugula buku limodzi kawiri. Mankhwala ake ndi tsamba la kuseri kwa mutu, lomwe lili ndi chizindikiro cha © ndi chaka. Pamenepo amalemba chaka chomwe nkhaniyo idatuluka koyamba, ndipo ngati adaisintha dzina amatchula dzina lakale. M'gulu la mabuku amenewa, olembedwa kuti Intrigue, omwe Harlequin idayamba kutulutsa mu 1984, amatsamira ku chiwembu ndi kufufuza, chikondi chikubwera pambuyo. Ndi afupiafupi, masamba pafupifupi 250 nthawi zambiri, Chingerezi chake chosavuta. Olembedwa kuti Romantic Suspense, kapena akale a Silhouette Intimate Moments, ndi otalikirapo ndipo chikondi chimatenga malo ambiri, za kuchipinda zomwe. Olembedwa kuti Love Inspired Suspense ndi a chikhristu: mulibe kutukwana, mulibe za kuchipinda, anthu ake amapemphera akapanikizika.

Samalaninso ndi mabuku okhuthala a chikuto cholimba a Reader's Digest, okhala ndi nkhani zinayi kapena zisanu m'buku limodzi. Amaoneka ngati mwaphula, koma nkhani zake ndi zofupikitsidwa, ndipo mu mtundu uwu chomwe chimadulidwa ndi kukayikirana kwa pang'onopang'ono komwe kumakometsa nkhani. Osawasokoneza ndi a Mills & Boon okhala ndi nkhani ziwiri kapena zitatu, amenewo nkhani zake ndi zathunthu ndipo ndi omwe amapindulitsa ndalama.

Mayina a alembi nawonso amanamiza, chifukwa ambiri amalemba ndi mayina angapo, lililonse ndi mtundu wake wa nkhani. Nora Roberts ndi yemwenso amalemba ngati J.D. Robb, koma za J.D. Robb, zomwe zidayamba mu 1995, ndi nkhani za wapolisi wamkazi ku New York wa m'tsogolo, zotsatizana, ndipo kupha kwake amakufotokoza mosabisa. Wokonda nkhani zofatsa za Nora Roberts akhoza kudzidzimuka nazo. Mabuku ake akale amasindikizidwanso kawirikawiri ndi zikuto zatsopano, n'chifukwa chake tsamba la chaka lija ndi lofunika. Jayne Ann Krentz amalemba za masiku ano ndi dzina limeneli, za makedzana ngati Amanda Quick, za maiko a m'tsogolo ngati Jayne Castle. Victoria Holt ndi Jean Plaidy anali munthu mmodzi, Eleanor Hibbert: la Holt ndi la nkhani za mtsikana wofika m'nyumba yaikulu yodzaza zinsinsi, la Plaidy ndi la mbiri ya mafumu a ku Ulaya. Mukasokoneza, mwamugulira mnzanu phunziro la mbiri iye akuyembekeza kuthamanga mtima.

Mbali yomwe anthu amailakwitsa kwambiri ndi yopatsa munthu buku poti inuyo mudalikonda. Musanatchule buku lililonse, dziwani zinthu zitatu za wowerengayo.

Choyamba, za kuchipinda amazipirira mpaka pati. Izi sizifunsidwa mwachindunji kwa munthu wamkulu, mumangoti, "Mayi, mumakonda zofatsa kapena zilizonse?" ndipo amva. Buku lomwe mungabwereke mnzanu wa kuntchito si lomwe mungapatse apongozi kapena amayi a ku Mvano. Kuti mudziwe muli pamulu pomwepo, tsegulani cha pakati kupitirira pang'ono, poti m'pamene alembi ambiri amaika zoterezi, muyendetse maso masamba angapo. Kwa achikulire ndi kwa mwana wa sekondale, Love Inspired Suspense salakwika. Mabuku a Mary Stewart, mlembi wa ku Britain yemwe adayamba kutulutsa nkhani zamtunduwu mu 1955, nawonso ndi aulemu, ndipo kwa ine ndi omwe adalembedwa mwaluso koposa m'gulu lonseli, kungoti Chingerezi chake n'chakale ndipo amafotokoza malo motalika.

Chachiwiri, mantha amtundu wanji. Kuthamangitsana ndi galimoto ndi kuomberana mfuti ambiri amasangalala nako. Koma mabuku okhuthala a zaka za m'ma 1990 kubwera kuno ambiri ali ndi chigawenga chopha akazi motsatizana, ndipo machaputala ena amalembedwa kuchokera m'mutu mwa chigawengacho. Ena ali ndi kugwiririra kapena nkhanza za m'banja. Munthu yemwe adadutsa m'zoterezi, kapena wangotaya mwana, muuzeni poyera kuti m'bukumu muli chakuti, asankhe yekha. Kumeneko si kuulula nkhani. Onjezani chenjezo lina pa mabuku ena a m'ma 1970 ndi 1980, momwe mwamuna wokakamiza mkazi amajambulidwa ngati ndiye wachikondi chenicheni. Mtsikana wa Fomu 3 asaphunzire chikondi pamenepo.

Chachitatu, Chingerezi chake. Muwerengetseni tsamba limodzi la pakati. Akapunthwa pa mawu oposa asanu, bukulo adzalisiya pa chaputala chachitatu, ndiye muyambitseni ndi Intrigue. Mukapeza mabuku a Pacesetters, omwe Macmillan idayamba kutulutsa mu 1977 olembedwa ndi alembi a mu Africa muno, tolani osaganiza kawiri: ndi afupi, ambiri amasakaniza chikondi ndi upandu, ndipo mayina ndi matauni ake ndi apafupi ndi kwathu. Amasowa masiku ano. Kwa agogo a maso ofooka funani olembedwa kuti Large Print, a zilembo zikuluzikulu, omwe kawirikawiri amakhala ndi chidindo cha laibulale ya kunja yomwe idawachotsa pashelefu.

Pomufotokozera munthu buku, nenani za mkaziyo, choopsa chomwe chamugwera, ndi chifukwa chomwe sangakhulupirire mwamuna yekhayo amene angamuthandize. Lekerani pomwepo. Mawu oti "koma kumapeto mudzadabwa" ndi kuulula kale, chifukwa wowerenga amayamba kukayikira aliyense wooneka wabwino. Ngati pachikuto palembedwa Book 2 kapena dzina la banja lomwe nkhani zake n'zotsatizana, musade nkhawa kwambiri: m'mabuku ang'onoang'ono aja lililonse limakhala ndi okondana akeake ndipo limatha palokha. Chovuta ndi pamene chigawenga chimodzi chikusakidwa m'mabuku atatu, pamenepo lachitatu limaulula oyamba aja.

Pa mtengo, musanyamule buku limodzi n'kuonetsa kuti mwalikonda. Sankhani anayi kapena asanu, mufunse mtengo wa onse pamodzi, zilema zomwe mwapeza muzitchule modekha. Funsaninso ngati amalola kusinthitsa mukamaliza kuwerenga n'kuwonjezerapo pang'ono, ena amavomera mukakhala kasitomala wozolowereka.

Buku lothothoka masamba koma onse alipo limakonzeka kunyumba. Gulani guluu woyera wa akalipentala ku hadiweya. Supagulu ayi, amauma gwa n'kuthyola pepala. Selotepu ayinso, pakapita chaka imasanduka yachikasu, imamatuka, n'kusiya banga la mafuta. Palani guluu wakale ndi kampeni, sanjani masamba motsatira manambala, muwagogode patebulo kuti alingane kumsana. Pakani guluu wochepa ndi nthenga ya nkhuku kapena kaburashi, kumsana kokha, osalola kuti alowe m'kati kuposa mamilimita awiri. Lowetsani kapepala ka pulasitiki pakati pa chikuto ndi tsamba loyamba, kenanso kumbuyo, kuti zisamatane. Tsekani, tsindikani ndi njerwa ziwiri zokulunga m'nyuzipepala, mulisiye tsiku lathunthu. Ambiri amalephera chifukwa chothira guluu wambiri, masamba n'kuchita makwinya, kapena chifukwa chotsegula madzulo omwewo kuti aone ngati zagwira.

La fungo la chinyontho pang'ono liimikeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri kapena atatu, kenako mulipukute ndi burashi youma muli panja. Padzuwa ayi, makamaka la Okutobala, limafewetsa guluu ndi kupinda chikuto. Lokayikitsa tizilombo, likakhala louma bwino, limangeni m'jumbo yosabooka muliike mufiriza sabata yathunthu, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali yambaninso kuwerenga masiku. Potulutsa musamasule jumboyo mpaka tsiku lotsatira, kuti madzi a kuzizira agwere pa pulasitiki, osati pa pepala. Shelefu ikhale yotalikirana ndi khoma ndiponso yosagunda pansi, chifukwa chiswe chimakwera mwakachetechete ndipo katoni ya pansi pa bedi chimaimaliza m'nyengo imodzi ya mvula.

Pobwereketsa, lembani dzina lanu m'kati mwa chikuto ndiponso pa tsamba lina la pakati lomwe mwasankha, poti chikuto chimachoka. Wobwerekayo mumupatse kachidutswa ka katoni kosungira malo, ndipo mumupemphe chinthu chimodzi: asapinde chikuto kumbuyo powerenga ndi dzanja limodzi mu minibasi yopita ku Area 25, chifukwa kupinda kumeneko ndi komwe kumathyola msana n'kugwetsa masamba omaliza.