Loweruka pansi pa mtengo wa mango

Ndadzuka malaiti atathima kale, tiyi ndaphikira pambaula. Masana ndinakwera minibasi kuchoka ku Kalingalinga kupita ku Kabwata, kumene kagulu kathu ka anthu okayikira za chipembedzo kamakumana kamodzi pamwezi kuseri kwa nyumba ya mnzathu. Sitikwana 15. Muli aphunzitsi, anyamata awiri a ku yunivesite ya UNZA, ndi achimwene ena okonza mafoni m'tauni. Dzina tilibe. Tili ndi funso limodzi basi: umboni uli kuti? Moti ena amalonjerana nalo m'malo mwa "muli bwanji".

Tinabwereranso ku nkhani ya amuna awiri aja amene khoti la muno mu Lusaka linawalamula kukakhala kundende zaka ziwiri mu September 2025, ati ankafuna kulodza Pulezidenti Hichilema. Pa zinthu zimene anawagwira nazo panali bilimankhwe wamoyo. Achimwene a mafoni anati kanyama koyenda ngati kakuwerenga mapazi kotero sikangafike ku State House chisankho china chisanachitike. Tinaseka mpaka misozi. Koma akulu athu, aphunzitsi opuma ntchito, anatiziziritsa. Anati lamulo la ufiti la atsamunda lija, la 1914, tisamangolinyoza, chifukwa limalanganso munthu woloza mnzake chala kuti ndi mfiti, ndipo pali agogo kumudzi amene denga lawo silinatenthedwe chifukwa cha mbali imeneyo. Ine sindinaiganizirepo choncho.

Chimene chandikhala pamtima ndi china. Kunabwera mlendo, anesi a kwathu ku Chipata. Podzifotokoza ananena mosabisa kuti Lamlungu amaimba kwaya. Mmodzi wa anyamata a ku UNZA, osadikira n'komwe kuti amalize, anati, "Nanga kuno mwadzatani, asisi?"

Ndinachita manyazi. Ifeyo timadziwa kuwawa kwake. Chichokereni 1991 pamene a Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, funso loti "mumapemphera kuti?" limatitsata kuntchito, kwa eninyumba, ngakhale kokafunsira mbeta. Ambiri mwa ife timangotchula tchalitchi cha makolo kuti nkhani ithe. Lero ndife tayika mlonda pachipata.

Anesiwo sanakwiye. Anayika kapu pansi n'kunena kuti kolera itavuta mu January 2024 iwo anali ku Heroes Stadium, bwalo la mpira limene analisandutsa chipatala cha kolera, kuika odwala madiripu usiku wonse, ndipo palibe amene anamupatsa madzi odalitsidwa m'malo mwa mankhwala. "Kupemphera ndinkapemphera ndikavula magolovesi. Inu achimwene munali kuti?" Mnyamata uja anangoyang'ana nsapato zake.

Pobwerera ine ndi anesi aja tinakwera basi imodzi. Anandifunsa ngati mwezi wamawa angabwere ndi mnzawo wa kukwaya. Ndinati abwere, ngakhale sindinafunse anzanga. Nditangotsika, amayi anaimba foni kufunsa ngati mawa ndipita kutchalitchi. Ndinati, "Ndiona, amayi."