Mwala wakumwamba umene unatisungira golide wa ku Joni

Lolemba linayamba ngati masiku onse. Mabokosi a miyala yobowoledwa ku mgodi wina wa kufupi ndi Carletonville anali atafika, ndipo ntchito yanga ndi kuthira madzi pa mwala uliwonse, kuuyang'ana ndi kagalasi kokulitsa, n'kulemba zomwe ndaona. Dzuwa lisanafike pamutu ndinapeza kamtsempha kakuda bii, kopyapyala ngati chala, katadula mwala woyera pakati. Timakatcha pseudotachylite: thanthwe lomwe linasungunuka mwadzidzidzi n'kuumanso pomwepo.

Mkulu wina wa ku Dedza, yemwe amatinyamulira mabokosi, anandiona nditaima chilili. "Mwanawe, wapeza golide kodi?" Ndinati, "Ayi bambo, ndapeza chipsera cha tsiku limene thambo linagwa."

Lachitatu tinapita nawo ku Parys, pafupifupi makilomita 120 kuchokera kuno ku Joni, m'mbali mwa mtsinje wa Vaal. Kumeneko ndi ku Vredefort. Zaka zoposa 2 biliyoni zapitazo chimwala cha makilomita oposa 10 chochokera kumwamba chinagwa pamenepa. Chidzenje chake chinatha kalekale, chinakokoloka ndi mvula ndi mphepo, koma mizu yake ilipo. Matanthwe omwe anayalidwa chogona ngati mphasa tsopano aima chilili, ena mpaka kugudubuka chadodolido. Ndinawaonetsa mwala wina wokhala ndi timizere tofalikira kuchokera pansonga ngati tsache la udzu. Timizere totere sitibwera ndi chivomezi kapena phiri lophulika, koma ndi kugunda kwamphamvu kotereku basi. Anausisita ndi chala nthawi yaitali osalankhula.

Chomwe chimandigwira mtima ndi ichi. Kugwa kwa mwalawo kunapendeketsa matanthwe okhala ndi golide otchedwa Witwatersrand, n'kukwirira mbali yake yaikulu pansi pomwe madzi sakanatha kuikokolola. M'mphepete mwake ndi momwe munatulukira pamtunda, ndipo golide wa pa famu ya Langlaagte mu 1886 anapezeka pamenepo. Mzinda wonsewu wa Joni unamera pa mzere umenewo. Agogo anga anabwera kuno pa Wenela, anatsika m'migodi zaka zambiri, anabwerera kumudzi ndi wilibala, njinga ndi chifuwa chosatha. Sanadziwe chifukwa chake golideyo ankathawira pansi choncho.

Lachisanu ndinamaliza lipoti mochedwa. Ndikutseka chitseko, mkulu uja anandipempha kuti ndiwatumizire pa WhatsApp chithunzi cha mwala wa tsache uja, akawaonetse adzukulu akapita kwawo pa Khirisimasi.